Kwa inu mwangofika ku Joni: tikambirane za bafa

Basi iliyonse yonyamuka kuno ku Mzuzu kulowera ku Joni imatenga ana athu atalangizidwa mokwanira za pasipoti, za pa Beitbridge, za mowa, za kutumiza ndalama kumudzi. Makolo amakhala nawo pansi mpaka usiku. Koma za bafa palibe amatchula, chifukwa kwathu nkhani za kuseri kwa nyumba sitikambirana ndi ana. Ine ndinagwira ntchito za m'nyumba zaka zambiri ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndinakhalapo m'fulati ya anthu ambiri ku Yeoville ndiponso m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo tsopano ndinabwerera kuno ku Chibavi. Ndikukuuzani, ana anga, mikangano yambiri imene ndinaona ikumwaza anthu ogona nyumba imodzi inkayambira pa chitseko cha bafa m'mamawa. Pofika poti akukangana za lendi, mitima inali itawawa kale ndi tsitsi la m'sinki ndi madzi ozizira.

Musaganize kuti ndikukuonani ngati anthu osadziwa kukhala ndi anzanu. Ambiri mwakulira m'nyumba za lendi ku Chiputula, ku Mchengautuwa kapena ku Masasa, kumene mabanja angapo amagwiritsa ntchito bafa limodzi ndi chimbudzi chimodzi. Koma kuno zinthu zimayenda zokha popanda wolankhula. Aliyense amadziwa kuti bambo ndiwo amayamba kusamba, kuti mtsikana wa pakhomo amakwecha pansi, kuti mwana akaipitsa mayi ake amakonza. Ndipo munthu amalowa ndi ndowa ya madzi otunga yekha, otenthetsa pa mbaula yake ndi makala ogula yekha. Akawononga, wawononga zake. Kumene mwafikako n'kwina. M'nyumba muli akuluakulu okhaokha, onse otopa, onse olipira mofanana, wina wa ku Zimbabwe, wina wa ku Mozambique, wina wa ku Congo, aliyense ndi mwambo wake wa kubafa. Mulibe mwana woti atumidwe, mulibe mkazi amene udindo wake ndi kukonza pamene mwaipitsa inu. Madzi otentha amachokera m'thanki imodzi, magetsi amadutsa pa mita imodzi. Zimene kwathu timangozidziwa mumtima, kumeneko zimafunika kuzinena pakamwa, ndipo kuzinena msanga, munthu asanapse mtima.

Choncho tsiku lomwe mwalowa m'nyumbamo, musanamasule n'komwe chikwama, khalani pansi ndi amene wakulandiraniyo mumufunse. Ndani amadzuka nthawi yanji? Giza, thanki ija yotenthetsa madzi, imakhala yoyaka tsiku lonse kapena pali amene amayatsa ndi kuzimitsa? Tishu, sopo wa m'manja ndi mankhwala otsukira amasonkherana kapena aliyense amagula zake? Kutsuka bafa kumayenda bwanji, nanga tsiku langa lidzakhala liti? Ndikudziwa kuti kufunsa zoterezi kwa munthu wamkulu kumalemera pakamwa. Funsanibe. Mlendo amene wafunsa yekha tsiku lake lotsuka amalandiridwa mosiyana ndi amene amadikira kuuzidwa. Wokulandiraniyonso mumakhala mwamupeputsira mtolo, chifukwa nayenso akuchita manyazi kukuuzani, kuopa kuti mungakanene kumudzi kuti anakulandirani ndi malamulo.

M'mawa ndiye pagona nkhani. Amene amachoka ku Tembisa kapena ku Diepsloot kukagwira ntchito ku Sandton amayenera kukhala pa mzere wa takisi kusanache, ndipo akachedwa pang'ono amaupeza mzerewo utatalika. Abwana ambiri samva zoti m'bafa munali munthu. N'chifukwa chake kumeneko woyamba kusamba amakhala amene ulendo wake ndi wautali, zaka zake zikhale zingati. Achimwene, ngakhale kwanu ndinu mwana wachisamba amene aliyense amakupatsani njira, mtsikana wamng'ono amene akulowa ntchito 7 koloko kutali ayambe ndi iyeyo. Inu amene simunapeze ntchito, musalowe m'bafa nthawi ya piringupiringuyo. Dikirani onse atuluke musambe mtima uli m'malo, kapena ngati mukulawirira kukaima pamsewu kufuna ganyu, sambani usiku musanagone. Chimawawa kuima pakhomo ndi thawulo paphewa kudikira munthu amene akudya zako ndipo sakuthamangira kulikonse. Sadzakuuzani, koma adzasunga.

M'fulati zambiri chimbudzi, sinki ndi shawa zili m'chipinda chimodzi, ndiye amene watseka chitseko watsekera nyumba yonse, ngakhale wina atapanikizika ndi m'mimba. Kudzola, kupesa, kudziyang'ana pagalasi, zonsezi n'zochitira kuchipinda kwanu. Gulani kagalasi kanu. Foni musalowe nayo. Ndinaonapo anyamata akusandutsa chimbudzi malo oimbira foni kumudzi, poti ndi chipinda chokhacho chimene munthu angakhale yekha m'nyumba yogawidwa ndi makatani. Chifukwa chake ndimachimvetsa ndipo chimandimvetsa chisoni, komabe tulukani panja mukalankhulire pa masitepe. Wina akagogoda muyankheni, mumuuze ngati mwatsala pang'ono, kuti adziwe chochita.

Tsopano za giza, chifukwa apa mpamene obwera kumene amalakwira anzawo osadziwa. Giza ndi thanki, ndipo madzi otentha a m'menemo amatha. Zambiri za m'nyumba wamba zimalowa malita 150, ndipo chotenthetsa chake chimakoka makilowati 3. Kuti madzi ozizira a m'nyengo ya chisanu afike pa madigiri 60 pamapita mayunitsi pafupifupi 8 ndi maola pafupifupi 3. Shawa wamba imatulutsa malita 10 mpaka 15 pa mphindi, ndipo oposa theka la madziwo ndi ochokera m'giza. Werengerani nokha. Munthu akaima pa shawa mphindi 10, wataya malita 100 kapena kuposa, ndiye kuti ndowa zazikulu zisanu, ndipo wadya mayunitsi 3 kapena 4. Anthu awiri kapena atatu akatero, giza yatha, wotsatirayo asamba ozizira. Kuno mukanati musenze ndowa zisanuzo pamutu kuchokera pa mpopi ndi kuzitenthetsa nokha, simukanatero. Kumeneko simukuziona chifukwa zikudutsa m'khoma, koma amene akugula mayunitsi akuziona pa mita.

Ife a ku Mzuzu timadziona ngati ozolowera kuzizira chifukwa cha kamvula ndi nkhungu ya mu June ndi July. Johannesburg ili pamtunda kuposa kuno, mamita pafupifupi 1,750 pamene Mzuzu ili cha m'ma 1,250, ndipo m'miyezi yomweyo kumacha udzu utayera ndi chisanu. Madzi otentha akamatsika pamsana m'mawa wotero thupi limakana kuchoka, zimenezo sindikutsutsa. Koma nyowetsani thupi, tsekani mpopi, pakani sopo, mutsegulenso kuti mutsukuluze. Kapena lowani ndi ndowa yanu m'shawamo musambe monga tinakulira: malita 20 ofunda amadya yunitsi yosakwana imodzi, ndipo munthu amayera bwinobwino. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Mu 2018, madamu a ku Cape Town atatsala pang'ono kuuma, kuyambira mwezi wa February munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Akuluakulu a mzindawo ankapempha anthu kuti asapitirire mphindi 2 pa shawa ndiponso kuti aziika ndowa pansi yolandira madzi osambawo kuti akathire m'chimbudzi. Mzinda wonse unasamba choncho, olemera ndi osauka omwe, ndipo ife Amalawi sitinavutike nazo kwenikweni.

M'nyumba zambiri amazimitsa giza masana kuti apulumutse mayunitsi. Ngati kwanuko zili choncho, pakhale munthu mmodzi wodziwika amene amayatsa, maola awiri kapena atatu woyamba kusamba asanadzuke, osati aliyense kumangokankha switchi mmene wafunira. Ndipo wina asakunamizeni kuti mutsitse kwambiri katenthedwe ka giza kuti isamadye magetsi. M'madzi ofunda chabe, a pakati pa madigiri 20 ndi 45, mumaswana tizilombo totchedwa Legionella toyambitsa chibayo choopsa, chimene munthu amachitenga popuma tinthunzi ta shawa. N'chifukwa chake amisiri amaisiya cha m'ma 60. Za mayunitsi, sungani kabuku kolembamo amene wagula, tsiku ndi ndalama zake. Mutu umaiwala, ndipo amene waiwala amaiwala mokomera thumba lake.

Kumene kulibe giza anthu amatenthetsa madzi ndi hita yoviika m'ndowa. Pamenepa ndikuchondererani. Musapise dzanja m'madzi kuti mumve ngati atentha hita ili pa magetsi. Zulani pulagi kaye. Musakokere nthambo ya magetsi m'bafa monyowa. Mbaula nayonso isalowe m'bafa kapena m'chipinda chotseka kuti mufundirepo, chifukwa makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umafoola munthu mpaka kukomoka osadzukanso. Nyengo yozizira ikafika nkhani za maliro otere zimamveka m'makomboni a ku Joni, ndipo ngakhale kuno timazidziwa.

Chimbudzi chokumba chimalandira chilichonse: nyuzipepala, zitsononkho, matewera, nsanza. Chogujumula sichitero. Paipi yake ndi ya mamilimita 110 basi, ndipo ili ndi pokhota. M'menemo mumalowa tishu yokha. Mapadi, matewera a ana, tinsalu tonyowa topukutira, makondomu, tsitsi, mikute ndi mafuta a m'poto, zonsezi zimakakamira pokhotapo n'kutseka. Mukakhala m'fulati ya pamwamba, zonyansazo zimakatulukira kwa anzanu a pansi, ndipo ndalama ya pulambala idzachoka m'matumba mwa nonse. Ikani kabini kotsekera pambali pa chimbudzi, mkati muli jumbo, ndipo amene wataya chake achikulunge kaye. China chimene ambiri amachita manyazi kunena: musakwere ndi mapazi pamwamba pa chimbudzi kuti munjute monga tinazolowera. Chimbudzicho ndi chadothi lowotcha, chimatha kusweka, ndipo chikasweka chimacheka ngati galasi. Ngati mukunyansidwa kukhalapo, pukutani kaye ndi tishu ndi sopo. Mukatha gujumulani, mucheuke muone, ndipo ngati patsala kanthu burashi ili pomwepo. Achimwene, tukulani chokhalira musanataye madzi, ndipo madontho a pansi ndi anu, pukutani. Tsegulani zenera potuluka.

Madzi amasiyanso kutuluka ku Johannesburg, nthawi zina masiku angapo. M'bafa muzikhala chigubu chodzaza. Ndowa imodzi mukaikhuthula mwamphamvu m'chimbudzi zonse zimapita monga mwagujumula. Amene wamaliza madzi a m'chigubu akatunge ena, ndipo pamene mulibe n'kadontho komwe, musalowe n'kusiyira anzanu chimene mwasiya.

Lamulo la kubafa limene ndinkauza aliyense wobwera m'nyumba mwathu linali lakuti wolowa pambuyo pako asadziwe zimene umachita. Tsitsi lakodwa pa kabowo kotulukira madzi litoleni ndi dzanja mulitaye m'bini. Likalowa limagwirana ndi sopo n'kutseka paipi. Ndevu zometa zisatsale m'sinki. Mamina ndi makhololo zisatsale pa khoma kapena pansi pa shawa. Litsiro limene limazungulira m'bafa losambiramo limachoka mosavuta madzi akadali ofunda, koma likauma limafuna mphamvu. Kolopani pansi, chifukwa matailosi onyowa amaterera ndipo munthu akagwa amamenyetsa mutu pa chimbudzi. Zovala musanyike m'bafa kwa masiku ngati kuti ndi lanu nokha. Chapani tsiku lomwelo mukayanike. Thawulo lonyowa lipite padzuwa. Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, nyumba zimakhala zachinyontho, ndipo bafa losatsegula zenera limamera chuku chakuda kudenga ndi m'makona. Chukucho chimadzutsa mphumu ndi chifuwa, makamaka kwa ana, ndiponso alandilodi amachiwerengera pa dipoziti yanu.

Pa mankhwala otsukira mvetserani bwino, makamaka inu amene mukalowe ntchito za m'nyumba. Jik musasakanize ndi mankhwala ena alionse. Mankhwala ambiri a m'chimbudzi, monga mitundu ina ya Harpic, ali ndi asidi, ndipo akakumana ndi Jik pamatuluka mpweya wa klorini umene umawotcha maso, pakhosi ndi mapapo. Viniga naye amachita chimodzimodzi, ndipo mankhwala okhala ndi amoniya amatulutsa mpweya wina woipanso. Munthu wakhama amaganiza kuti akathira zonse pamodzi chimbudzi chiyera kwambiri, n'kudzitsekera m'kachipinda kopanda mphepo. Thirani amodzi, tsukuluzani ndi madzi ambiri, kenako ena ngati akufunika. Mukamva kutsamwa ndi misozi, tulukani msanga, tsegulani mazenera, ndipo ngati kupuma kukuvuta pitani kuchipatala. Mankhwalawa musawathire m'botolo la zakumwa m'nyumba muli ana.

Zosambira zanu zikhale m'kabasiketi kanu, kolowa nako ndi kutuluka nako. Kwathu kugwiritsa ntchito sopo wa mnzako ndi nkhani yaing'ono, koma kumeneko munthu wawerengera kuti botolo lake la mafuta limufikitsa kumapeto a mwezi. Pemphani, ndipo mukamaliza cha wina mubweze chonga chomwecho. Pali zinayi zimene sizibwerekedwa ngakhale kwa mbale wa bere limodzi: lezala, mswachi, thawulo ndi chinkhupule. Kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamayenda m'magazi ndipo kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 kapena kuposa, ndiye kadontho kouma pa lezala kangathe kukudwalitsani. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chisanafike chakacho sanalandire. Mphere ndi zipere zimayenda m'matawulo ndi m'zovala. Posamba valani masilipasi kuti musatenge zilonda zoyabwa za pakati pa zala za kumapazi. Ndipo pa sinki pasasowe sopo wa m'manja, ameneyu yekha ndi wa nonse. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anatikhudza kwambiri cha kuno ku Nkhata Bay, ndipo mu May 2023 anaphanso anthu ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria. Musaganize kuti mwamusiya kumudzi.

HIV siyenda pa chokhalira cha chimbudzi, m'shawa kapena pa sopo. Mukaona botolo la ma ARV la mnzanu wa m'nyumba, mwaona nokha, pakamwa patsekeke, ndipo musayambe kumusala kapena kutsuka chimbudzi ndi Jik nthawi iliyonse akatuluka. Zimenezo zimapweteka munthu koopsa ndipo sizikutetezani ku chilichonse. Inu amene mukumwa mankhwala, alionse, musawasunge m'bafa, chifukwa chinyontho ndi kutentha zimawawononga.

Ambiri mudzagona nyumba imodzi ndi Asilamu, abale athu a ku Mangochi ndi Machinga kapena a maiko ena. Iwo amadzisambitsa ndi madzi akachoka m'chimbudzi, ndipo amasamba kumaso, manja ndi mapazi asanapemphere, kuyambira pemphero la m'bandakucha. Kajagi kapena kabotolo kamene mwakapeza pambali pa chimbudzi n'ka ntchito imeneyo; musakataye, musakatengere kukhitchini. Apatseni mpata nthawi ya mapemphero, ndi mphindi zochepa chabe. Nawonso ndi bwino kuwapempha mwaulemu kuti azikolopa madzi akatha. Ndinaona kuti nkhaniyi ikakambidwa poyera tsiku loyamba, sibweranso.

Ndifike kwa inu apabanja, chifukwa ambiri masiku ano mukutsatana. Kwathu mkazi amatenthetsa madzi n'kukaikira mwamuna kubafa, ndipo ine mwambo umenewo sindiunyoza, ndi chikondi ndi ulemu. Koma taganizani, bambo. Mayiwa achoka m'nyumba kusanache, akwera matakisi awiri, atsuka mabafa a eni tsiku lonse atagwada, abwera kutada n'kuyamba kuphika. Tsiku la banja lanu lotsuka bafa likafika, kodi n'koyenera kuti agwadenso iwo inu muli pa foni? Amuna ambiri a ku Malawi amadziwika ku Joni ndi ntchito za m'nyumba ndi za m'dimba, ndipo amatsuka zimbudzi za abwana mpaka kuwala. Manja omwewo angathe kutsuka chimbudzi chimene akazi awo amakhalapo. Anzanu akamanena kuti mwadyetsedwa mankhwala, asiyeni anene. Sadzakhalapo tsiku limene mkazi wanu adzadwale msana. Ndipo mayi, bambo akatsuka musapite pambuyo pawo kukabwereza mukung'ung'udza, chifukwa mawa sadzagwiranso burashi. Asonyezeni kamodzi pamene pamabisala litsiro, kuseri kwa chimbudzi ndi pansi pa chokhalira, basi.

Banja ndi anthu awiri ngakhale likugona chipinda chimodzi. Pa mayunitsi, pa tishu ndi pa masiku otsuka muziwerengedwa awiri, ndipo pakakhala mwana wosambitsidwa ndi kuchapiridwa tsiku lililonse muwonjezerepo nokha musanauzidwe. Mbeta ndi anyamata a m'nyumbamo amaona kuti akulipirira banja la eni, koma amaopa kunena chifukwa inu ndinu akuluakulu. Kusambira limodzi ndi kwanu, palibe woletsa, koma m'nyumba ya makoma opyapyala muli anthu amene anasiya akazi ndi amuna awo kumudzi, chisungireni nthawi imene kulibe anthu. Tizinthu timene timakunyansani pa mnzanu, kaya ndi thawulo loponyedwa pa bedi, kaya ndi tsitsi pa sopo, mukambirane kuchipinda motsitsa mawu. Ankhoswe ali kutali, ndipo amene mukuwaulula zofooka za mwamuna kapena mkazi wanu pabalaza ndi anthu oti mawa asamuka nazo.

Za ulemu wa thupi ndinene mosabisa. Mwamuna asadutse pabalaza ndi thawulo lokha m'chiuno pamene pali mkazi wa mnzake kapena mtsikana. Valani kabudula ndi malaya, kuvala sikutenga nthawi. Nthabwala za chilamu zithere pabalaza, zisafike pa chitseko cha bafa. Chitsekocho chikhale ndi loko kapena kachitsulo kotsekera mkati, ndipo ngati kalibe pemphani chilolezo mugule sabata yoyamba, n'kotsika mtengo. Achemwali, zovala zamkati musazisiye zitapachikidwa pa mpopi, komanso musazibise zili zonyowa pansi pa pilo chifukwa cha manyazi, zimabweretsa kuyabwa. Yanikani kuchipinda pafupi ndi zenera, kapena pa chingwe panja mutaphimba ndi chitenje chopyapyala monga timachitira kuno. Ngati pali mwamuna amene amapezeka pafupi ndi bafa nthawi iliyonse mukusamba, kapena amayesa chitseko akudziwa kuti muli momwemo, musakhale chete poopa kuoneka ovuta. Uzani mayi wamkulu wa m'nyumbamo kapena wa kutchalitchi tsiku lomwelo, ndipo yambani kufunafuna malo ena.

Ena mudzafikira m'zisakasa ku Diepsloot, ku Dunoon kapena ku Imizamo Yethu, kumene chimbudzi chili panja ndipo mabanja ambiri amachigwiritsa ntchito, china chokhoma ndi loko aliyense n'kukhala ndi kiyi wake. Kiyiyo musabwereke anthu osasonkha nawo, ndipo tsiku lanu lotsuka musalidumphe. Usiku mkazi kapena mwana asapiteko yekha. Bambo, dzukani muperekeze, ngakhale kukuzizira bwanji. Apo ayi sungani ndowa yotsekera ya usiku, m'mamawa mukaikhuthule m'chimbudzi, osati m'ngalande ya pamsewu mmene ana amaseweramo, n'kuitsuka ndi Jik.

Nanga wina akamaipitsa? Poyamba muganize kuti sakudziwa, chifukwa nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Mutengereni pambali, muli awiri, mumuuze chinthu chenichenicho: achimwene, tsitsi likumatsala m'sinki mukameta, muzitsukuluza. Musajambule chimbudzi n'kuponya chithunzi pa gulu la WhatsApp la m'nyumba, musamate kalata yaukali pa chitseko, musaimbe foni kumudzi kuti mwana wa auje ndi wauve. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu amasiya kumva, amayamba kufufuza zanu. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo Amalawi a ku Joni timadziwana kuposa mmene mukuganizira. Ikakhala nthawi yanu youzidwa, thokozani, konzani, musasunge chakukhosi. Ndipo panti kapena mpango ukasowa pa chingwe, musathamangire kunena kuti wina akufuna kukuchitani zamankhwala. Mphepo imaulutsa, wina amatola molakwitsa pamodzi ndi zake. Funsani mofatsa. Mawu a ufiti akatuluka m'nyumba ya anthu ogona pamodzi sabwezeka, ndipo kumeneko angathe kuphetsa munthu.

Kumbukiraninso kuti ntchito zambiri kumeneko zimapezeka pakamwa pa anthu. Abwana amafunsa wantchito wawo ngati akudziwa Mmalawi waukhondo ndi wokhulupirika woti akagwire kwa mnzawo. Wofunsidwayo saona satifiketi yanu ya MSCE. Amakumbukira mmene amalipezera bafa inu mukatuluka, chifukwa akakutchulani waika dzina lake pa inu, ndipo mukakalakwitsa ntchito yake yomwe imagwedezeka.

Chotsala ndi alandilodi. Tsiku lolowa jambulani bafa lonse pa foni: tailosi losweka, chokhalira chong'aluka, mpopi wodontha, banga la kudenga. Lamulo la lendi la ku South Africa, Rental Housing Act la 1999, limati mwini nyumba ndi wobwereka ayendere limodzi nyumbayo polowa ndi potuluka, ndipo pa dipoziti pachotsedwe ndalama ya zimene wobwerekayo wawononga. M'chigawo chilichonse muli bwalo lotchedwa Rental Housing Tribunal limene limamva madandaulo a lendi popanda kulipiritsa. Ambiri a ife timabwereka kwa wobwereka mnzathu popanda pepala lililonse, ndiye zithunzizo ndi uthenga umene mwamutumizira tsiku lomwelo ndiwo mboni zanu. Chikawonongeka chinthu nenani msanga ndipo nenani molemba. Chimbudzi chimene chimangoyenda madzi usiku wonse chimakweza bilu mwakachetechete, ndipo banga lonyowa kudenga pansi pa giza ndi chizindikiro choti yayamba kudontha. Musanagone usiku woyamba, pemphani akusonyezeni malo awiri: potsekera madzi a nyumba yonse, ndi switchi ya giza pa bokosi la magetsi. Giza ikaphulika usiku, zimitsani switchiyo kaye, kenako tsekani madzi, ndipo mukatero muimbire alandilodi.